Musanaumbe minibasi pa kompyuta, yambani ndi tepi

Galimoto youmbidwa pa kompyuta ili ndi njira yakeyake yochititsira manyazi mwini wake. Mukaiyang'ana cham'mbali imaoneka bwino, mpaka mumakodola anzanu kuti adzaone. Mukangoitembenuza kuti muione kumaso, mumapeza nyali zatsikira pa bampala, denga lapanikizika ngati la khola la nkhunda, tayala lina lalowa m'nthaka pamene linzake lili m'malere. Ambiri akafika apa amada laputopu yawo, ena amangoti luso limeneli si lawo. Koma kawirikawiri zinthu zimakhala zitalakwika kale munthu asanayambe n'komwe kuumba, pa nthawi imene ankakonza zithunzi zoti azitsatira. Nkhani yathu ili pa zithunzi zimenezo.

Kwa amene simunazionepo, kuumba kwa 3D ndi kupanga chinthu m'kompyuta chokhala ndi mulitali, mulifupi ndi msinkhu, moti mutha kuchizungulira n'kuchiona mbali zonse. Mawu oti kuumba akuyenerera, chifukwa munthu amayamba ndi kabokosi, n'kumakakoka, kukadula ndi kukasalaza mpaka katasanduka chimene akufuna. Zoumbidwa motere n'zimene timaziona m'makatuni, m'magemu a pa foni, m'zotsatsa malonda ndi m'zithunzi za nyumba zimene sizinamangidwe. Ophunzira ambiri amayambira pa pulogalamu ya Blender, pa chifukwa chomveka: ndi yaulere. Anaiyambitsa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands, ndipo kampani yake itagwa, anthu oikonda anasonkherana ma euro 100,000 mu 2002 kuti aiwombole ikhale ya aliyense. Filimu ya ku Latvia yotchedwa Flow, imene inapata mphoto ya Oscar mu 2025, inapangidwa ndi pulogalamu yomweyi.

Diso ndi kamera sizinena zoona zonse

Mukafika powolokera njanji ku Balaka n'kuyang'ana kumene ikulowera, zitsulo ziwiri zija zimaoneka ngati zikukakumana patsogolo. Tonse tikudziwa kuti sizikumana. Mpata wake ndi mamilimita 1,067 pamene mwaimapo, ku Nkaya, ku Liwonde mpaka ku Nayuchi. Diso limachepetsa chinthu chikakhala patali, ndipo kamera imachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake chithunzi wamba cha galimoto, ngakhale chikongole bwanji, sichingakhale muyeso. Tayala la mbali ya kwa inu limatuluka lalikulu kuposa la mbali inayo, pamene onse anagulidwa saizi imodzi.

Amisiri anapeza njira yozembera bodza limeneli kalekale. Mfalansa wina, Gaspard Monge, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya asilikali ku Mézières, anaika m'dongosolo kajambulidwe koonetsa chinthu ngati kuti diso lili moyang'anizana ndi malo ake alionse pa nthawi imodzi, popanda chapafupi kapena chapatali. Kwa zaka zambiri njirayi inali chinsinsi cha asilikali, ndipo buku lake linatuluka mu 1799. Amene munaphunzirako Technical Drawing ku sekondale mukuidziwa: chinthu chimodzi chimajambulidwa kutsogolo, cham'mbali ndi pamwamba, ndipo mizere yochoka pa chithunzi china imakagwera ndendende pa chinzake. Dzina loti blueprint linabwera pambuyo pake. Mu 1842 John Herschel wa ku England anatulukira njira yokopera zojambula ndi mankhwala ndi kuwala kwa dzuwa, imene inkatulutsa mizere yoyera pa pepala la buluu. Mapepala a buluuwo anatha, dzina linatsala. Ife tingoti pulani, monga timanenera pulani ya nyumba.

Pulani ya galimoto imakhala ndi zithunzi zinayi kapena zisanu pa pepala limodzi: mbali, kutsogolo, kumbuyo, pamwamba, ndipo mwina mbali inayo. Ntchito yathu ndi kuzilekanitsa, kuziika pa sikelo imodzi, ndi kuziimika m'kompyuta ngati makoma a chipinda chimene galimoto iumbidwiremo.

Galimoto yake iti?

Oyamba kumene amathamangira Ferrari ndi Lamborghini. Ife tikuti yambani ndi galimoto imene mungathe kuigwira ndi dzanja. Pa depoti ya Liwonde kapena pa Mangochi Turn-off pamaima ma Hiace, ma Sienta ndi ma Probox opita ku Balaka, ku Ulongwe, ku Ntaja ndi ku Zomba. Mukakayikira mmene galasi lakumbuyo lapindikira, mutha kupita kukaliona. Komanso minibasi ndi bokosi lokhala ndi ngodya zosalala, ndipo bokosi limakhululuka msanga kusiyana ndi galimoto yothamanga imene ilibe mzere wowongoka ndi umodzi womwe.

Titenge Toyota Hiace ya mtundu wa H200, umene unayamba kupangidwa mu 2004. Yaing'ono yake, ya denga wamba, ili ndi mulitali wa mamilimita 4,695, mulifupi wa 1,695 ndi msinkhu wa 1,980. Kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mtunda umene amakaniko amati wheelbase, pali mamilimita 2,570. Manambala anayi amenewa alembeni pa pepala musanatsegule pulogalamu iliyonse.

Taonani mmene atatu oyambawo akusendera pafupi ndi mamita 4.7, 1.7 ndi 2. Si mwangozi. Ku Japan galimoto yosapitirira miyeso imeneyi imawerengedwa m'gulu la zing'onozing'ono, ndiye opanga amaikankhira mpaka m'malire n'kusiya timamilimita towerengeka. Sienta yoyamba ija ya mu 2003 nayo ili ndi mulifupi wa 1,695, ngakhale mulitali wake ndi 4,100 okha. Lamulo la ku Japan ndi limene limatipanikiza mapewa pa mpando wa anthu anayi kuchoka pa Liwonde mpaka pa Nselema.

Dzina lokha la galimoto silikwanira. Hiace yomweyo ili ndi mkulu wake, wautali mamilimita 5,380, wotambalala 1,880, wa denga lofika 2,285, ndipo wheelbase yake ndi 3,110. Ku South Africa ma Hiace a m'badwo umenewu ankagulitsidwa pa dzina loti Quantum, dzina limene lafala kunonso. Mukatenga pulani ya wamkuluyo n'kuikakamiza pa manambala a wamng'ono, matayala amatuluka ngati mazira. Palinso ya kale ya H100, imene inayamba mu 1989 ndipo ikadali pa misewu yathu. Nkhope yake ndi ina. Onetsetsani chaka, mtundu wa thupi ndi dziko limene galimoto ya pa pulaniyo inapangidwira.

Dziko ndi lofunika pa chifukwa china. Ife timayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja, ndipo chitseko cha kondakitala chili kumanzere, mbali ya kunja kwa msewu. Mapulani ambiri a pa intaneti ndi a magalimoto a ku mayiko oyenda kumanja, ndiye chitseko chimenechi chimakhala mbali inayo. Munthu wosayang'anitsitsa amaumba minibasi yotsitsira anthu pakati pa msewu. Ndiponso mapulani ambiri aulere sanachokere ku fakitale: wina anangolondola chithunzi cha m'kabuku kotsatsa malonda. Ena ndi abwino, ena ndi okhota. Ena ndi ogulitsa ndipo ali ndi eni ake, choncho ngati mukufuna kudzapezerapo ndalama, werengani zimene mwiniwake walola.

Masamu a mapikiselo

Apa ndi pamene pagona ntchito, ndipo tikhalapo pang'ono. Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Chimene tikufuna n'chakuti pikiselo imodzi iziimira mtunda wofanana pa zithunzi zonse. Tisankhe kuti pikiselo imodzi ndi mamilimita 2. Tikatero Hiace yathu iyenera kukhala mapikiselo 2,348 mulitali, 848 mulifupi, 990 msinkhu, ndipo matayala atalikirane 1,285.

Tsegulani GIMP kapena Krita, zonse ndi zaulere. Pangani tsamba la sikweya la mapikiselo 3,000 mbali zonse, limene pa sikelo yathu ndi bwalo la mamita 6. Kokani mizere iwiri yolondolera, woimirira ndi wogona, idutsane pakati penipeni, pa 1,500. Tsamba limeneli ndi limene mugwiritse ntchito pa zithunzi zonse, osasintha kukula kwake ngakhale chithunzi cha kutsogolo chioneke ngati nyerere pa mphasa. Anthu ambiri amadula chithunzi chilichonse mothinana ndi galimoto kuti pasatsale malo. Akatero chilichonse chimalowa mu Blender ndi kukula kwakekwake, ndipo amataya usiku wonse akuchikoka ndi maso.

Yambani ndi chithunzi cha mbali, chifukwa ndi chimene chimanyamula zambiri. Choyamba onani ngati chili chowongoka: mzere wogona ukhudze pansi pa matayala onse awiri. Mapulani ojambulidwa ndi foni kuchokera m'buku amakonda kupendekeka pang'ono, ndipo digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamilimita 2,570, imakweza tayala limodzi ndi pafupifupi mamilimita 45. Mukawongola, kulitsani kapena chepetsani chithunzicho mpaka pakati pa matayala patalikirane mapikiselo 1,285. Kenaka yesani mulitali. Ukapezeka 2,348 kapena pafupi, pulani yanu ndi yabwino. Ukasiyana ndi mapikiselo khumi kapena makumi awiri, musafulumire kukoka. Mwina wojambulayo anawonjezera sitepe yakumbuyo kapena chitsulo chokokera ngolo, zimene sizili m'nambala ya fakitale.

Wina angafunse chifukwa chimene tikuyambira matayala m'malo mwa mulitali. Yankho lili kwa anyamata opanga magalimoto a waya, amene sasowa m'midzi ya ku Balaka ndi ku Machinga. Mnyamata wodziwa ntchito yake sayamba ndi denga. Amapinda kaye chimango cha pansi, n'kumangirira ndi malegeni mawaya awiri odutsa m'matayala, n'kuikankha pansi kuti aone ngati ikuyenda mowongoka. Thupi limabwera pambuyo, ndipo limatsatira pamene matayala ali. Iye alibe pulani, koma wagwira mfundo imene ojambula magalimoto amaigwiritsa ntchito: diso la munthu limazindikira galimoto poona pamene matayala akhala poyerekeza ndi thupi. Bampala imasinthidwa, imaphwanyika, imawonjezeredwa zitsulo, koma pakati pa tayala pamakhala pomwepo. Luso la ana amenewa linafika mpaka m'mabuku a kunja: Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'Malawi muno, anatulutsa kabuku ka ana kotchedwa Galimoto mu 1990.

Tayala lilinso ndi muyeso wake wolembedwa pa mphira pomwepo. Ma Hiace ambiri a H200 amavala 195/80R15. Nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ikuti khoma la tayala ndi magawo 80 pa 100 a kutambalalako, ndiye mamilimita 156. Yachitatu ndi limu, mainchesi 15, amene ndi mamilimita 381. Phatikizani limu ndi makoma awiri, mupeza 693. Pa tsamba lathu tayala liyenera kukhala chozungulira cha mapikiselo pafupifupi 346, choimirira ndi chogona mofanana. Likatuluka 346 uku, 320 uku, ndiye kuti wina anakoka chithunzicho mbali imodzi chisanafike kwa inu.

Chithunzi cha mbali chikakhazikika, chisuntheni kuti pansi pa matayala pakhale pa mzere wogona wa pakati uja, ndipo theka la mulitali ligwere pa mzere woimirira. Mphuno ikhala pa pikiselo 326, mchira pa 2,674. Theka la m'munsi la tsamba litsala lopanda kanthu, ndipo palibe cholakwika. Ubwino wake muuona posachedwa.

Chithunzi cha kutsogolo ndi cha kumbuyo zikhale ndi nthaka pa mzere womwewo, denga pa mapikiselo 990 kuchokera pansi, ndipo mzere woimirira udutse pakati pa chizindikiro cha Toyota. Samalani ndi mulifupi. Nambala ya 1,695 siwerengera magalasi oonera kumbuyo. Amene amayesa kuchokera pa galasi kufika pa galasi linzake amafinya thupi lonse, ndipo denga lopanikizika lija limabadwira pamenepa. Msinkhu nawo suwerengera kaliyala wa pamwamba. Chithunzi cha pamwamba chitenge mulitali kwa cha mbali ndi mulifupi kwa cha kutsogolo.

Musanasunge, kokani mizere yogona kudutsa pansi pa mawindo, pamwamba pa nyali ndi pa mlomo wa bampala, n'kuona ngati ikugwera malo amodzi pa zithunzi zitatu zoimirira. Pafupifupi nthawi zonse pamapezeka posagwirizana. Zikatero wina ayenera kugonja, ndipo ife timatsata ndondomeko iyi: nambala yoyesedwa ndi tepi kapena ya fakitale imaposa chithunzi chilichonse, chithunzi cha mbali chimaposa cha kutsogolo, ndipo cha pamwamba timachikhulupirira pomalizira chifukwa ndi chimene ojambula ambiri amangochiganizira. Sungani chilichonse pachokha ngati PNG, chifukwa JPEG imadetsa m'mphepete mwa mizere yopyapyala.

Kuimika makoma mu Blender

Gawo ili ndi lachidule ngati masamu aja munawagwira. Onetsetsani kuti miyeso ili m'mamita, ndipo dinani Shift ndi C kuti kachizindikiro kofiira ndi koyera kabwerere pakati. Pa mabatani a manambala a kumanja kwa kiyibodi, 1 amakuonetsani kutsogolo, 3 mbali, 7 pamwamba, ndipo Ctrl ndi 1 kumbuyo. Malaputopu ambiri a ophunzira alibe mabatani amenewa. Pitani ku Preferences, pa Input, mukayatse Emulate Numpad kuti manambala a pamwamba agwire ntchitoyo. Dinani 1, kenaka Shift ndi A, musankhe Image ndi Reference, mulowetse chithunzi cha kutsogolo. Pa Size lembani mamita 6. Chitani chimodzimodzi ndi zinazo, chilichonse mutayang'ana kumene chikuyenera. Popeza masamba onse ndi ofanana ndipo nthaka ili pakati pa tsamba, matayala amangotera okha pa ziro.

Pali msampha umodzi. Galimoto ikayang'ana kwa inu mutadina 1, batani la 3, limene Blender imalitcha Right, limakuonetsani mbali ya kumanzere kwa galimotoyo, mphuno italoza kumanzere kwa sikirini. Pa minibasi yathu imeneyo ndi mbali ya chitseko cha kondakitala. Pa 7 mphuno iloze pansi pa sikirini. Mukasokoneza apa muumba galimoto imene mbali yake ikupita ku Zomba pamene denga likupita ku Mangochi.

Kankhirani chithunzi chilichonse kunja, kutali ndi pakati, kuti chisadutse m'thupi la galimoto. M'kaonedwe kopanda chapafupi ndi chapatali kameneka kukula kwake sikusintha. Tsitsani Opacity kuti muziona mizere yanu, ndipo pa Side sankhani Front kuti cha kutsogolo ndi cha kumbuyo zisamaonekerane. Ziikeni zonse mu Collection yawoyawo n'kuzitseka kuti zisamasankhike, chifukwa kusuntha chithunzi mwangozi pakati pa ntchito kumaoneka patapita masiku.

Tsopano yesani ntchito yanu. Pangani bokosi la mamita 1.695, 4.695 ndi 1.980, mulikweze ndi 0.99 kuti likhale pa nthaka, ndipo muliyang'ane ngati mawaya okhaokha. Kumbali zonse galimoto ikhudze makoma a bokosilo popanda kutulukira, kupatula magalasi. Ikakwana, yambani kuumba. Ikapanda kukwana, bwererani ku GIMP. Mphindi khumi za pano zimaposa sabata yokonza thupi lokhala ndi timagawo masauzande.

Pulani ikasowa

Magalimoto ambiri amene angatisangalatse kuumba alibe pulani paliponse. Lole ya matani atatu imene bodi yake anaiwotcherera pa Balaka, ambulansi ya njinga yamoto, ngolo ya ng'ombe yoyendera ekiselo ya galimoto yakufa, zonsezi palibe anazijambulapo. Ngakhale Hiace imene ili ndi pulani, ya pa msewu wa ku Ntaja si yofanana ndi ya m'kabuku. Masipuling'i anatopa, kutsogolo anaikako zitsulo, pamwamba pali kaliyala, matayala akumbuyo mwina ndi a saizi ina. Muyenera kusankha ngati mukuumba Hiace ya ku fakitale kapena minibasi inayake imene anthu angaizindikire. Ife timakonda yachiwiriyo. Ya ku fakitale anaiumba kale anthu ambirimbiri m'mayiko ena, ndipo ena mwa iwo simungawapose chaka chino. Ya kwathu kuno ikudikira inu.

Pamenepa pulani mupanga nokha, ndi foni, tepi ya amisiri omanga, choko, ndi chingwe chomangirira kamwala. Yambani ndi kupempha. Minibasi ikaima ndiye kuti tageti ya bwana ikuchedwa, choncho musakavutitse dalaivala pa siteji. Pezani nthawi imene ili kotsukitsa kapena ikudikira sipeya ku galaja. Fotokozani chimene mukuchita, ndipo nambala ya galimoto muifufute pa zithunzi musanazionetse anthu. Pa rodibuloko kapena pa malo a chitetezo musatulutse kamera.

Pojambula, mdani ndi yemwe uja wa pa njanji. Tiwerengere. Mukaima mamita 5 kuchokera ku mbali ya minibasi, mbali inayo ili pa mamita 6.7, ndipo imaoneka magawo 75 okha pa 100 a kukula kwake. Mukaima pa mamita 30 imaoneka pafupifupi 95, pa mamita 50 pafupifupi 97. Bodza silitheratu, koma limachepa. Choncho pitani kutali, pa bwalo la mpira ngati n'kotheka, n'kukokera chithunzi pafupi ndi zumu. Foni ikhale pa msinkhu wa theka la galimoto, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, yoyang'anizana ndi pakati pake, yosapendekeka. Itsamiritseni pa mpando kapena pa njinga. Galimoto ikhale pakati pa chithunzi, chifukwa makamera a mafoni amakhotetsa mizere ya m'mphepete. Chizindikiro choti mwaima pabwino n'chakuti matayala a mbali inayo abisala kumbuyo kwa a mbali yanu mofanana kutsogolo ndi kumbuyo.

Nthawi yake ndi m'mawa kapena tsiku la mitambo. Dzuwa la masana la mu Okutobala m'chigwa cha Shire limatenthetsa nthaka mpaka mpweya kumanjenjemera, ndipo pa mamita 40 mizere ya galimoto imatuluka yokhotakhota. Limachititsanso mthunzi wakuda pansi pa galimoto umene umameza matayala, pamene pansi pa tayala ndi pamene tikufuna kuona.

Tepi ndi imene iwongole zithunzizo. Galimoto iime pa simenti yosalala, matayala akutsogolo atawongoka. Lendewetsani chingwe cha kamwala kuchokera pa nsonga ya bampala yakutsogolo, lembani pansi ndi choko, chitaninso kumbuyo, ndi pakati pa tayala lililonse. Kuyesa pansi, pakati pa zizindikiro za choko, kumapereka nambala yoona kusiyana ndi kukoka tepi pa thupi lopindika. Wheelbase yesani mbali zonse ziwiri. Zikasiyana kwambiri, galimotoyo inagundidwapo kapena china chake chasuntha pansi, ndipo mwiniwake angakuthokozeni mutamuuza. Yesaninso kuchokera pansi kufika pa denga, pansi pa mawindo, pa nyali ndi pa chogwirira chitseko. Mukamata timapepala pa malo amenewa musanajambule, tidzaoneka pa zithunzi zonse ndipo tidzakuthandizani kuzilumikiza.

Chithunzi cha pamwamba ndi chimene chimavuta. Kukwera mu mtengo kapena pa nyumba yosanja sikuthandiza, chifukwa denga limakhala pafupi ndi kamera n'kuphimba zonse za m'munsi. Choko chimachita bwino. Yendani ndi chingwe chanu kuzungulira galimoto, mukulemba kadontho pansi pa mtunda wa chikhatho chilichonse, ndipo m'ngodya muchulukitse timadontho. Galimoto ikachoka, pa simenti patsala mkombero wake weniweni. Kokani chingwe pakati, kuchokera pakati pa matayala akutsogolo kufika pakati pa akumbuyo, muyese kadontho kalikonse kuchokera pa chingwecho, n'kukalowetsa pa tsamba lanu la mapikiselo 3,000. Ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, ya anthu awiri, ndipo sifuna magetsi. Tsiku limene azima ndi tsiku lake.

Kulondola kofunika n'kotani?

Zimatengera kumene ntchito ikupita. Ngati minibasi yanu ndi ya katuni yophunzitsa ana kuwoloka msewu, kulakwitsa ndi magawo atatu pa 100 palibe angakuone. Koma tiyerekeze kuti wowotcherera wakupemphani kuti mumuonetse kasitomala wake mmene kaliyala kapena kanope adzaonekere asanadule chitsulo. Iyi ndi ntchito imene wophunzira wa laputopu angathe kuigwira pa Liwonde kapena pa Balaka n'kupezapo ya sopo. Magawo atatu pa 100 a mamilimita 4,695 ndi mamilimita 141, kutalika kwa foni yaing'ono. Miyendo ya kaliyala ikaphonya ndi mtunda wotere, paipi yadulidwa kale, ndipo mtengo wa chitsulo tonse tikuudziwa. Choncho chithunzi chanu chithandize anthu kugwirizana za maonekedwe, koma mumuuze mmisiriyo poyera kuti miyeso yodulira akaitenge yekha pa galimoto. Chinthu choumbidwa kuchokera ku zithunzi si pulani ya injiniya, ndipo sichinena kanthu za katundu amene denga lingathe kusenza.

Pulani, ngakhale yabwino, imangokupatsani m'mphepete. Siikuuzani mmene chitseko chafufumira pakati, kapena mmene nyali yalowera m'thupi. Choncho mukadali pa galimotopo jambulani zithunzi zina zambiri, zapafupi, za m'ngodya zonse: mahinjesi, kanjira koyendamo chitseko cha kondakitala, mphira wa mawindo, potsekera mafuta. Zimenezi siziikidwa pa makoma aja. Zimakhala pambali kuti muzisuzumira. Zidzakukumbutsaninso kuti minibasi si yofanana mbali zonse. Blender ili ndi chida chotchedwa Mirror chimene chimaumba theka lina inu mukuumba linzake, ndipo chimapulumutsa nthawi, koma muyenera kuchisiya thupi likangotha, musanayambe kudula zitseko.

Pomaliza kukonza, pitani pa File, External Data, musankhe Pack Resources. Blender simeza zithunzi zanu payokha, imangokumbuka foda imene zili. Mukakopera fayilo pa fulashi kupita nayo ku labu ya makompyuta musanachite zimenezi, mukatsegula n'kupeza makoma onse alibe kanthu.